Sukulu zikatseka ku Namitete, asungwana a ma Guide achitenji?

Belu lomaliza la teremu yoyamba likalira m'sukulu za pulaimale zozungulira Namitete, ana amabalalika ndi chimwemwe, ena akukupiza malipoti awo m'mwamba, ena atawapinda n'kuwabisa m'thumba. Kwa anyamata ambiri, kutsogoloku kumakhala mpira wachikulunga, kukwera mitengo ya mango ndi kusaka ngumbi. Koma kwa mtsikana wa zaka 9 kapena 12, tchuthi cha Khrisimasi kawirikawiri ndi kungosintha ntchito. Cholembera chimatsika, khasu limakwera paphewa, ndowa pamutu, mng'ono wake kumsana.

Izi sizachilendo m'dera la Mfumu Yaikulu Kalolo, kumadzulo kwa boma la Lilongwe, komwe Disembala ndi mwezi wopalira, kuthira feteleza ndi kusamalira fodya. Pakhomo pamasowa manja, ndipo palibe kholo lomwe linganyozedwe chifukwa chofuna thandizo la mwana wake kumunda. Vuto limabwera masana, ntchito ikatha. Mtsikana amatumidwa kumsika wa pamsewu wa Lilongwe-Mchinji kukagulitsa mango kapena zitumbuwa, ndipo amakhala kumeneko mpaka mdima, pakati pa akabaza, madalaivala a malole ndi anthu omwe ayamba kale kukondwerera Khrisimasi m'mabala. Ena mwa asungwana omwe amasowa m'kalasi mwezi wa Januwale amakhala atatayikira pamenepo.

Apa ndi pomwe pamaonekera ntchito ya gulu la ma Girl Guide. M'sukulu zomwe muli gululi, asungwana amakumana nthawi ya teremu, koma sukulu zikatseka nalonso limakonda kutseka, chifukwa mtsogoleri wake nthawi zambiri amakhala mphunzitsi yemwe naye akufuna kukaona abale kumudzi. Zotsatira zake n'zakuti gululi limagona panthawi yomwe asungwana akulifuna kwambiri.

Gulu la ma Guide lili ndi mbiri yaitali kuposa momwe ambiri amaganizira. Chaka cha 1907, msilikali wina wa ku Britain, Robert Baden-Powell, adatenga anyamata pafupifupi 20 kukagona nawo m'matenti pachilumba cha Brownsea, ndipo umo ndimo mudabadwira gulu la ma Scout. Patangopita zaka ziwiri, pamsonkhano waukulu wa anyamatawo ku Crystal Palace mumzinda wa London, padatulukira asungwana omwe adadzitcha okha ma Scout ngakhale padalibe yemwe adawaitana. Mu 1910 gulu la asungwana lidakhazikitsidwa, ndipo adaliyang'anira ndi mlongo wake wa Baden-Powell, Agnes.

Kuno kwathu gululi lidafika mu 1924, dzikoli likutchedwa Nyasaland, kutanthauza kuti mu 2024 padakwana zaka 100. M'nthawi ya ulamuliro wa chipani chimodzi lidazilala pomwe achinyamata adalozeredwa ku Malawi Young Pioneers, ndipo lidadzukanso m'zaka za m'ma 1990 ulamuliro wa zipani zambiri utabwera. Lero bungwe la Malawi Girl Guides Association, lomwe ambiri amangoti MAGGA, ndi limodzi mwa mabungwe a m'maiko oposa 150 omwe ali pansi pa bungwe la ma Guide la dziko lonse. Agogo ena a ku Namitete, Nsaru kapena Nambuma omwe adaphunzira pasukulu za mishoni Amalawi asanalandire ufulu angathe kukumbukira moni wa dzanja lamanzere ndi baji ya masamba atatu.

Nanga m'masabata awiri kapena atatu a tchuthi, gulu la asungwana ang'onoang'ono lingachite chiyani popanda ndalama, popanda galimoto, mvula ikugwa?

Choyamba sichikhudza asungwana konse. Ndi makolo. Mtsogoleri yemwe angoitana ana kusukulu 8 koloko mmawa m'mwezi wa Disembala, adziwe kuti adzakhala yekha pansi pa mtengo, ndipo adzadana ndi mudzi wonse. Mmawa ndi wakumunda. Nthawi yabwino ndi masana, kuyambira cha m'ma 2 koloko mpaka 4 koloko, kawiri kapena katatu pasabata, kuti mwana aliyense afike kwawo dzuwa lisanalowe. Ndondomekoyi iyenera kukambidwa sukulu zisanatseke, pamaso pa mphunzitsi wamkulu, komiti ya sukulu, amayi a Mother Group ndi anyakwawa. Kiyi wa kalasi imodzi apemphedwenso nthawi yomweyo, poti mvula ya Disembala imakonda kugwa masana omwewo.

Pasakhale tsiku lomwe mtsogoleri ali yekha ndi ana. Amayi awiri akuluakulu ndiye chiwerengero chochepetsetsa, ndipo apa ndi pomwe amayi a Mother Group angasinthane masiku. Ana ochokera mudzi umodzi aziyenda limodzi popita ndi pobwerera. Kugona kutchire, komwe ndi chinthu chomwe ma Guide amatchuka nacho, kudikire tchuthi chachikulu cha m'chilimwe. Tenti ndi mvula ya Disembala siziyanjana, ndipo udzudzu nthawi imeneyi umakhala pachimake.

Pali chinanso choti chikumbukiridwe. Disembala ndi Januwale ndi miyezi yomwe nkhokwe zambiri zimakhala zitapepuka. Kulamula kuti mwana aliyense abwere ndi ndalama, shuga kapena nkhuku ndi njira yachidule yothamangitsira asungwana omwe gululi limayenera kuwagwira dzanja kwambiri. Chimodzimodzi yunifolomu: yemwe alibe abwere ndi zomwe ali nazo.

Mwambo wa ma Guide ndi kugawa asungwana m'timagulu ta anthu 6 kapena 8, kalikonse ndi mtsogoleri wake wosankhidwa ndi anzake komanso dzina lake. Kagulu kena kangakhale Njiwa, kena Namzeze, kena Timba. Ang'onoang'ono, omwe amatchedwa ma Brownie, akhale paokha kuti asamangotumidwa ndi akuluakulu. Njira imeneyi imapeputsa ntchito ya mtsogoleri, komanso imapatsa mwana wa Sitandade 5 mwayi woyamba m'moyo wake wolamula ndi kumveredwa.

Ntchito yomwe imagwirizana kwambiri ndi nyengoyi ndi kubzala mitengo. Nyengo yobzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala n'kutha pa 15 Epulo, ndiye kuti imatsegulidwa pafupifupi nthawi yomwe sukulu zikutseka. Dera la Namitete, Nsaru ndi Kabudula ndi la fodya, ndipo aliyense akudziwa mitengo yomwe zigafa zimadya chaka ndi chaka. Kummwera kuli nkhalango ya Dzalanyama, komwe kumachokera mtsinje wa Lilongwe, yomwe yakhala ikuphwasulidwa ndi ootcha makala. Asungwana safunika kuuzidwa zambiri pankhaniyi. Ndiwo amayenda mtunda kukatola nkhuni, ndiwonso amaphikira zitsononkho ndi mapesi nkhuni zikasowa.

Koma kubzala mitengo kwa chionetsero, komwe anthu amabzala mbande 500 tsiku limodzi, kujambulitsa n'kuzisiyira mbuzi, n'kutaya nthawi ya ana. Bwino mwana aliyense abzale mitengo iwiri kapena itatu yokha, umodzi pasukulu, ina kwawo, ndipo ikhale yakeyake, yolembedwa dzina lake m'kope la gulu. Mbande zingapemphedwe kwa alangizi a zankhalango kapena ku komiti ya zachilengedwe ya m'mudzi, ndipo pempholi lipite msanga chifukwa mbande zimafesedwa miyezi ingapo mvula isanayambe.

Mlangizi akaitanidwa, asonyeze ana zinthu zenizeni: kukumba dzenje lokwanira, kupatula dothi lapamwamba ndi lapansi, kusakaniza lapamwambalo ndi manyowa owolerana n'kulibwezera koyamba, kung'amba chubu mosamala kuti dothi lisagumuke kumizu, kutsendera, kenako kumanga mpanda wa minga kapena bango. Mpandawo ndiwo umasiyanitsa mtengo womwe udzakule ndi chakudya cha mbuzi. Pa mitundu, mango, magwafa ndi mapapaya amakopa ana chifukwa phindu lake amalidziwa. Chamwamba chimakula msanga ndipo masamba ake ndi ndiwo. Msangu ndi woyenera kumunda: umayoyola masamba nthawi ya dzinja, choncho suphimba chimanga, ndipo masambawo amasanduka chajila m'nthaka. Mwana yemwe angafotokozere bambo ake zimenezi madzulo wachita zambiri kuposa chikwangwani chilichonse cha pamsewu.

Tsiku lina likhale la madzi ndi ukhondo. Mliri wa kolera womwe udayamba mu Malichi 2022 udapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo mu Januwale 2023 sukulu za m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre zidachedwa kutsegulidwa chifukwa cha matendawa. Ana ambiri akukumbukirabe. Kupanga mpondagiya ndi ntchito ya ola limodzi: kachigubu koboola, chingwe, mitengo iwiri ya mphanda, mtengo wopingasa ndi kamtengo kopondapo. Timagulu tingapikisane kuti kamange wolimba ndi kati, ndipo pochita zimenezi amaphunziranso kumanga mfundo zosamasuka, luso lomwe Guide aliyense amayenera kukhala nalo. Mwana akapita kwawo akamange wina pafupi ndi chimbudzi, sopo kapena phulusa lili pambali.

Pomwepo aphunzirenso kusungunula Thanzi ORS: paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira mankhwala, osati theka la paketi m'kapu monga ena amachitira pofuna kusunga. Mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo, yemwe ana amamudziwa kale kusikelo, ndiye woyenera kuitanidwa pa phunziroli.

Mlangizi yemweyo angathandize pa chithandizo choyamba, ndipo apa m'pofunika kukhalitsa pang'ono, chifukwa mtsikana wa zaka 10 ndiye kawirikawiri amatsala ndi ana pakhomo akuluakulu akapita kumunda. Ngozi ikagwa, dokotala woyamba ndi iyeyo. Mwana akapsa ndi phala kapena madzi otentha, pachilonda pathiridwe madzi ozizira, aukhondo kwa mphindi pafupifupi 20. Mankhwala otsukira mano, dzira, mafuta ophikira kapena dothi zisayandikire. Wotuluka kamfuno aweramire kutsogolo n'kufinya mphuno kwa mphindi 10, osati kugadamitsa mutu. Wolumidwa ndi galu atsukidwe pabalapo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako athamangire naye kuchipatala tsiku lomwelo chifukwa cha chiwewe. Wolumidwa ndi njoka asatemedwe mphini, asayamwidwe pabala, asamangidwe chingwe chothina. Agonekedwe, asayendeyende, anyamulidwe kupita kuchipatala.

Izi siziphunzitsidwa polemba pabolodi. Ana azichita sewero: wina akhale wovulala, wina wothandiza, wina wothamanga kukaitana akuluakulu. Kuseka kumakhalapo kwambiri, makamaka wovulalayo akamakokomeza kubuula, koma zomwe manja achita mutu suiwala.

Dzinja lili ndi ngozi zakezake zomwe ndi bwino kuzitchula ndi maina. Mphenzi ikamang'anima, pansi pa mtengo waukulu womwe waima paokha si pobisala, ngakhale ndi pomwe mwana aliyense amathamangira. Mtsinje kapena dambo lodzadza lisaolokedwe ngakhale madzi akuoneka olekeza m'mawondo, ndipo maenje omwe anthu adakumba poumba njerwa amasanduka mbuna zamadzi. Bowa asazulidwe popanda munthu wamkulu wowadziwa bwino. Chaka ndi chaka mabanja amagonekedwa m'zipatala chifukwa cha bowa wofanana ndi wodyedwa.

Sikuti tchuthi chonse chikhale maphunziro. Ana angotuluka kumene m'kalasi, ndipo mtsogoleri yemwe angawabwezeremo mwa njira ina adzaona chiwerengero chikutsika tsiku lachitatu. Fulaye, phada, jingo ndi ntchemberembaye sizifuna ndalama. Mpira wa mapepala apulasitiki ndi wokwanira, ndipo kutolera mapepalawo pamsika n'kuyeretsa kale malo. Bawo nayenso asasiyidwire abambo a pansi pa mtengo. Maenje okumba pansi ndi timiyala zimakwana, ndipo mwana wodana ndi masamu amawerengera nkhomo mosazindikira kuti akuchita masamu.

Masanje ndiwo angakhale chimake cha tchuthichi. Kale ana ankamanga timisasa kuseri kwa mudzi pambuyo pokolola n'kumaphika zenizeni m'timiphika tawo. Gulu la ma Guide lingaukitse mwambowu kwa tsiku limodzi. Kagulu kalikonse kakonze mafuwa ake, kasonkhe moto wake, kaphike nsima ndi ndiwo zomwe dzinja limapereka mwaulere: bonongwe, chisoso, luni, nkhwani wotendera. Ufa ndi wosonkherana, kambale kamodzi kwa yemwe angathe, ndipo pasakhale kulemba maina a omwe sadabweretse. Ngati pali mayi wodziwa kuumba mbaula ya chitetezo, abwere nayo imodzi, aphike pambali, ana aone okha kusiyana kwa nkhuni zomwe zatha pamafuwa ndi zomwe zatha pambaulapo. Oweruza a nsima yopsa bwino akhale agogo, omwe pankhani imeneyi sakondera munthu.

Agogo omwewo asabwerere msanga. Nthano ndi zilapi zikutha m'midzi yambiri chifukwa madzulo ana amathamangira kumavidiyo kapena kuunjikana pafoni ya achimwene awo. Gogo mmodzi akangoti padangotero, ana n'kuvomera kuti tili tonse, kalasi yonse imakhala bata lomwe mphunzitsi salipeza ngakhale ndi ndodo. Asungwana akuluakulu alembe nthanozo m'kope, pamodzi ndi dzina la mudzi womwe zachokera. Angafunsenso agogowo za maina a malo: chifukwa chiyani mudzi wakutiwakuti umatchedwa choncho, njanji yopita ku Mchinji idadutsa bwanji m'deralo, sukulu yoyamba idali pati. Achewa amati anthu oyamba adatsikira pa Kaphirintiwa, m'mapiri a Dzalanyama, n'kusiya mapazi pathanthwe. Ana ambiri omwe amaona mapiriwo chapatali sadamvepo nkhaniyi. Ndipo pomaliza, chimtali: ng'oma ikalira, amayi omwe adabwera kudzangoonerera ndiwo amayamba kulowa m'bwalo.

Namitete ili ndi mwayi womwe misika ina yambiri ilibe: malo oti ana n'kukaona ali pafupi. Chipatala cha St Gabriel chidakhazikitsidwa mu 1959 ndi masisitere a chipani cha Carmelite ochokera ku Luxembourg, ndipo chimalandira odwala ochokera m'maboma a Lilongwe ndi Mchinji. Pa Khrisimasi, pomwe ena akudya mpunga ndi nkhuku, pamakhala anthu omwe akhala masabata akudikirira odwala awo, kutali ndi kwawo. Gulu la ma Guide lingalembe kalata kwa akuluakulu a chipatala kupempha kuti likawaimbire, kuwasesera pamalo ophikira kapena kuwapatsira mitolo ya nkhuni. Chilolezo chikhale choyamba, ndipo ana ang'onoang'ono asalowe m'mawodi, kuopa matenda. Ngati namwino kapena dokotala wamkazi angapeze mphindi 15 zocheza ndi anawo panja, n'kuwauza sukulu yomwe adaphunzira ndi maphunziro omwe adalimbikira, ulendowo wapindula kawiri.

Palinso sukulu ya ntchito zamanja ya Namitete Technical College, komwe achinyamata amaphunzira ntchito monga ukalipentala ndi zomangamanga. Asungwana ambiri amadutsa pafupi ndi malowa osaganizako kuti nawonso angadzagwire sowo kapena chipande chomangira. Poti nayonso imakhala ndi tchuthi chake, ulendo wotere ukonzedwe pasadakhale. Kwa omwe angapeze thiransipoti, pamsewu womwewo chakufupi ndi Lilongwe pali malo a kafukufuku wa zaulimi a Chitedze, komwe kudachokera mtedza wa CG7 womwe mabanja ambiri m'derali amalima. Koma thiransipoti ikavuta, mtsogoleri asadandaule. Telala wamkazi wa pamsika, mzamba, wapolisi wamkazi kapena mayi woyendetsa golosale yake angaitanidwe kusukulu, ndipo iwowa amayankhula chinenero chomwe ana amamva.

Telalayo akabwera, abwere ndi singano. Kusoka batani ndi kuika chigamba payunifolomu yong'ambika kumapulumutsa ndalama za Januwale. Kwa asungwana okulirapo, kusoka mapadi ochapa ndi nsalu zotsala kwa telala ndi luso lomwe lingawasunge m'kalasi masiku omwe anzawo amajomba. Phunziro limeneli likhale la okhaokha omwe afika msinkhu, ma Brownie akusewera panja, ndipo amayi a Mother Group akhalepo.

Njira ina yosavuta yoyambira nkhani ya tsogolo ndi kutulutsa ndalama ya K200 n'kufunsa ana kuti mayi ali pamenepo ndani. Ndi Rose Chibambo, yemwe adamenyera nawo ufulu wa dziko lino n'kukhala mayi woyamba kulowa m'nduna za boma. Kuchoka apo maina amabwera okha: Joyce Banda yemwe adalamulira dzikoli kuyambira 2012 mpaka 2014, Anastasia Msosa yemwe adakhala mkulu wa makhoti mu 2013, Catherine Gotani Hara yemwe adasankhidwa kukhala sipikala wa Nyumba ya Malamulo mu 2019, ndi Temwa Chawinga yemwe mu 2024 adasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse mu ligi ya mpira wa amayi ku America. Dzina lomalizali ndilo ana amalidziwa kale, ndipo si vuto kuyambira pamenepo.

Pali nkhani imodzi yomwe atsogoleri ambiri amaizemba chifukwa ndi yolemera, komabe ndiyo chifukwa chenicheni chosonkhanitsira asungwana patchuthi. Sukulu zitatsekedwa mu Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19, kafukufuku wa boma adapeza kuti asungwana pafupifupi 40,000 adatenga pathupi ndipo maukwati a ana adafika pafupifupi 13,000 m'miyezi yochepa yokha. Tchuthi cha Khrisimasi ndi chachifupi poyerekeza ndi nthawi ija, koma zomwe zimakankhira ana m'mavutowa n'zomwezo: njala pakhomo, kusowa chochita, ndi amuna omwe ali ndi ndalama m'thumba. Pa Khrisimasi pamaonjezekera chilakolako cha diresi latsopano, nsapato ndi zakumwa zozizira, zomwe munthu wa zolinga zoipa amazidziwa bwino.

Malamulo pankhaniyi ndi omveka. Lamulo la maukwati la 2015 lidaika zaka 18 ngati msinkhu wolowera m'banja, ndipo mu Febuluwale 2017 aphungu adasintha malamulo aakulu a dziko kuti ngakhale chilolezo cha makolo chisakwatitse mwana. Mtsikana yemwe wabereka ali pasukulu ali ndi ufulu wobwerera m'kalasi. Koma malamulo okhala m'mabuku ku Lilongwe sateteza mwana yemwe sadawamvepo.

Kwa ana ang'onoang'ono, nkhaniyi siyifuna mawu akuluakulu. N'zokwanira kuti adziwe kuti thupi lawo ndi lawo, kuti pali malo omwe munthu wina aliyense, kaya ndi malume, mphunzitsi kapena m'busa, sayenera kuwagwira, kuti mphatso yomwe wopereka akuti usauze amayi ako ndi msampha, ndiponso kuti akauza munthu wamkulu woyamba n'kusakhulupiriridwa, auze wachiwiri. Mwana aliyense atchule akuluakulu atatu omwe angawathamangire. Aloweze pamtima nambala ya 116, yomwe ndi yaulere ndipo imathandiza ana omwe akuchitiridwa nkhanza. Sewero limagwiranso ntchito pano: wina akhale bambo wonyengerera ndi mandasi ndi ndalama, wina ayesere kukana mokweza mawu n'kuthawa. Mwana yemwe adakuwapo pamasewera savutika kukuwa zikachitika zenizeni.

Mtsogoleri akonzekere kuti tsiku lina mwana adzatsalira anzake atapita n'kunena chinthu chomwe sadauzepo munthu. Zikatero, amumvetsere modekha, asamukalipire, asamulonjeze kuti zikhala zachinsinsi, ndipo asayese kuweruza yekha mlanduwo. Nkhani za kugwirira ana sizithera pabwalo la mfumu ndi mbuzi kapena nkhuku. Zimapita kwa woona za chitetezo cha ana m'deralo, kuofesi ya polisi yothandiza ozunzidwa, ndi kuchipatala mwachangu, chifukwa mankhwala oteteza ku HIV amagwira ntchito akayambidwa pasanathe maola 72. Ili ndi gawo lomwe limafuna mtima wolimba, makamaka wopalamulayo akakhala munthu wodziwika pamsika, ndipo n'chifukwa china chomwe mtsogoleri sayenera kugwira ntchitoyi yekha.

Ena mwa makolo amaopa kuti ma Guide abwera kudzalanda ntchito ya anamkungwi kapena kudzaphunzitsa ana mwano. Mantha amenewa sathetsedwa ndi kukangana. Amatha makolo akaitanidwa kudzaona okha. N'chifukwa chake tsiku lomaliza, chaka chisanathe kapena chitangoyamba, likhale la onse. Lisatchedwe phwando la Khrisimasi, poti m'gulumo mungakhale ana a Chisilamu ndi a mipingo yomwe sikondwerera tsikuli. Kungoti kutsekera chaka n'kokwanira. Ana aonetse mfundo zomwe aphunzira kumanga, achite sewero la mwana wopsa ndi phala, awerenge nthano imodzi ya m'kope lija, kenako atsogolere makolo awo kukaona mitengo. Thobwa, ngati lapezeka, limwedwe. Moto wa msonkhano womwe ma Guide amakonda kuzungulira usiku ungathe kusonkhedwa 4 koloko masana, nyimbo zake n'kumveka chimodzimodzi.

Mawu omwe ma Guide amayendera amatanthauza kukhala wokonzeka nthawi zonse, ndipo amayembekezeka kuchitira wina chabwino tsiku lililonse. Patsiku lotsekerali kagulu kalikonse kangasankhe gogo mmodzi wokhala yekha m'mudzi mwawo, woti kazikamutungira madzi ndi kumusesera pabwalo masiku otsala a tchuthi, ana akuyenda awiriawiri kapena atatu.

Ntchito yomaliza ya mtsogoleri ili m'sabata yoyamba ya teremu yachiwiri. Atenge kope lija momwe mudalembedwa maina ndi mitengo, aitane dzina limodzilimodzi. Yemwe sadabwere afunsidwe kwa anzake a m'kagulu kake tsiku lomwelo, ndipo amayi a Mother Group apite kwawo sabata isanathe, nkhani isanafike poti adapita kwa azakhali ake ku Mchinji. Kenako gulu lonse liyendere mitengo ya pasukulu, kuona yomwe yagwira ndi kubwezeretsa yomwe yafa mvula ikadalipo. Kuwerenganso kwina kudzachitike pa 22 Febuluwale, tsiku lomwe ma Guide a dziko lonse amakumbukirana, lomwenso lidali tsiku lobadwa la Robert Baden-Powell ndi mkazi wake Olave. Pofika nthawiyo mpanda wa minga umakhala utayamba kugwa, ndipo umafunika kumangidwanso mbuzi zisanamasulidwe pambuyo pokolola.